Masiku Anga Oyamba mu Paradise City

Anzanga acinyamata, mukamva za masewera a mpikisano wa magalimoto pa kompyuta, ndikhulupirira ambiri muganiza za njira imodzi yochingidwa uku ndi uku, imene galimoto izungulira katatu ndipo wofika poyamba ndiye wapambana. Masewera ambiri amene tinakula nao ndi otero. Koma alipo ena amene sakuikirani mpanda. Amakupatsani galimoto ndi mzinda wathunthu, nakuuzani kuti pitani kumene mufuna. Amodzi mwa masewera a mtundu umenewu ndi Burnout Paradise, ndipo ndakhala nao tsopano masiku 8 pa kompyuta ya msuweni wanga. Masiku 8 si ambiri. Munthu sangadziwe mzinda m'masiku ocepa cotero, ngakhale mzinda wa m'kompyuta. Komabe zimene maso aona poyamba zili ndi phindu lake, pakuti pambuyo pake timazolowera ndipo sitizionanso. Ndiye cifukwa cake ndafulumira kukulemberani.

Masewerawa si atsopano ai. Anapangidwa ndi kampani ya Criterion Games ya mu tauni ya Guildford ku England, ndipo anafalitsidwa ndi Electronic Arts. Anatuluka mu Januwale 2008 pa PlayStation 3 ndi Xbox 360, ndipo anafika pa kompyuta mu Febuluwale 2009 ndi dzina loonjezera lakuti The Ultimate Box. Aka kanali koyamba kuti Burnout iseweredwe pa kompyuta, ngakhale kuti Burnout yoyamba inatuluka kale-kale mu 2001. Mu 2018 anawakonzanso kuti zithunzi zioneke bwino nawacha Remastered, ndipo amenewa ndiwo ndili kusewera ine. Tsono ngati pakati panu pali wina amene anabadwa mu 2008, adziwe kuti ndi wa msinkhu umodzi ndi mzinda umenewu. Ukalamba wake uli ndi ubwino kwa ife, cifukwa safuna kompyuta yamphamvu monga afunira masewera a masiku ano. Ya msuweni wanga inagulidwa itagwirapo kale nchito, ndipo ikatentha imalira ngati cigayo, koma imakwanitsa.

Mukangoyatsa, imayamba kulira nyimbo ya gulu la ku America la Guns N' Roses yochedwa Paradise City, imene inatuluka mu 1987, ndipo limeneli ndilo dzina la mzindawo. Imalira nthawi iliyonse mukayatsa, kotero kuti pofika tsiku lacitatu azakhali anali ataidziwa kale, ndipo akangoimva ali kukhichini anali kufuula kuti ticepetse phokoso. Kenaka mumapatsidwa laisensi ya wophunzira, ndipo mumapezeka pa malo otayirapo magalimoto akutha. Galimoto yanu yoyamba, Hunter Cavalry, imakhala yophwanyika-phwanyika, yakuti wapolisi wa pamseu ataiona sangafunse n'komwe mapepala. Mau a woulutsa pa wailesi ya mumzindamo, DJ Atomika, amakulangizani kuti mupite nayo ku galaji. Kumeneko mumangodutsa pakhomo osaima, ndipo mumatulukira mbali ina galimoto ili yonyezimira. Palibe makanika wokuuzani kuti mubwere mawa. Palibe kulipira. Magalimoto onse a mumzindamo ndi ongopeka, okhala ndi maina monga Carson, Nakamura ndi Krieger, ngakhale kuti wodziwa magalimoto akhoza kuloza kuti iyi yafanana ndi yakuti-yakuti.

Kuyambira pamenepo mzinda wonse ndi wanu. Palibe mseu wotsekedwa wodikira kuti muyambe mwapambana. Mipikisano ilipo 120, ndipo uliwonse umayambira pa mphambano ya maloboti. Mukafuna, mumaima pa malobotiwo ndi kupondereza buleki ndi mafuta nthawi imodzi, matayala amafuka utsi, basi mpikisano wayamba. Mukapanda kufuna mumangopitirira. Ina ndi ya liwiro cabe. Ina, yochedwa Road Rage, imafuna kuti mukankhire kukhoma magalimoto a anzanu kufikira akwane ciwerengero cimene mwauzidwa. Ina ndi yolumpha ndi kuzunguza galimoto m'malere. Umene unandigwira mtima ine ndi Marked Man. M'menemo mumauzidwa kuti mufike pa malo akuti-akuti, koma magalimoto akuda, olemera, amakulondolani kuti akuphwanyeni musanafike. Tsiku loyamba ndinaimirira pampando osadziwa.

Apa ndiye pali nkhani, anzanga. Mpikisano ukayamba, mumangouzidwa kumene ukathera. Malo othera alipo 8, ozungulira mzinda wonse monga mbali za kampasi: pali bwalo la masewera la Wildcats, pali doko la sitima za nkhondo, pali malo a makina opanga magetsi ndi mphepo, pali nyumba yoonera nyenyezi pamwamba pa phiri, ndi ena otero. Njira yopitira kumeneko ndi yanu kusankha. Thandizo lilipo lapang'ono: kamapu kali pakona, kampasi ili pamwamba, ndipo mukayandikira pokhota dzina la mseu limaphethira. Koma muli paliwiro lakuti maso sangacoke pamseu. Mukangoti ndione kamapu, mukabweza maso mwalowa kale kumbuyo kwa basi. Mukaphonya pokhota n'kukwera mseu waukulu wa I-88, mumaona anzanu ali kupita kwina inu muli kupita kwina, ndipo potulukira pali kutali. Mu 2008 munalibe ngakhale batani loyambiranso mpikisano. Woluza anali kubwerera yekha kukafuna maloboti amene anayambira. Osewera ambiri anadandaula, ndipo batanilo linaikidwa mu 2009.

Masiku awiri oyamba zimenezi zinandikwiyitsa. Ndinali kufunsa kuti kodi anthuwa analephera ciani kungoika mivi yosonyeza njira monga acitira anzao? Koma ca pa tsiku lacisanu cinthu cina cinayamba kucitika. Ndinayamba kuzindikira malo. Ndinadziwa kuti ndikaona mlatho wautali uja ndiye kuti nyumba zazitali zatsala kumbuyo ndipo mapiri ali pafupi. Ndinadziwa kuti njanji imadutsa mkati mwa mzinda, ndipo galimoto ikhoza kuyenda pamenepo popanda kukumana ndi basi kapena taxi. Mumzindamo muli mageti acikasu 400, ndipo ambiri a iwo amabisa njira zacidule. Mukaligunda geti limagwa, ndipo mwaphunzira kanjira katsopano. Inu amene munakulira mu komboni mudziwa cimene ndili kunena. Mlendo amayenda ndi mseu waukulu, koma mwana wa pamalopo amadziwa kuti akalowa pakati pa nyumba ziwiri izi, nalumpha ngalande, atulukira kumbuyo kwa msika mlendo uja akali kufunsa njira. Tsiku limene ndinapambana mpikisano cifukwa ca kanjira kamene ndinakapeza ndekha dzulo lake, galimoto yanga ili yocepa mphamvu kuposa za anzanga, ndinamva cimwemwe cimene masewera a mpanda aja sanandipatsepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndikuuzeni za mphamvu yoonjezera liwiro, imene iwo aicha boost. Pansi pa sikirini pali kamzere kamene kamadzaza ndi kutha. Kakadzaza mumapondereza batani, moto umatuluka kumbuyo, ndipo nyumba za m'mbali zimangooneka ngati utoto wopakidwa. Kodi kamzereko kamadzaza bwanji? Kamadzaza mukayenda mbali ya mseu imene si yanu, moyang'anizana ndi magalimoto obwera. Kamadzaza mukadutsa galimoto ina pafupi kwambiri koma osaikhudza. Kamadzaza mukatereretsa matayala pokhota, mukauluka m'malere, ndiponso mukagwetsa mnzanu. Kunena mwacidule, ciliconse cimene mphunzitsi wa kuyendetsa galimoto angakuletseni, pano ciri ndi mphotho. Ndipo palibe wochi yoonetsa liwiro limene muli kuthamanga.

Mukagunda, nthawi imayenda pang'ono-pang'ono kuti muone bwino. Kamera imacoka kumbuyo kwanu n'kuima pambali. Mumaona mphuno ya galimoto ili kupindika ngati citini copondedwa, magalasi ali kumwazika, tayala lili kugubuduka lokha. Pakangopita kanthawi muli pamseu kaciwiri, injini ili kulira. Ndikuuzeni zoona, tinaseka kwambiri ine ndi msuweni wanga, ndipo nthawi zina tinali kugunditsa dala kuti tione mmene iphwanyikire.

Pa Ciweru kunabwera amalume. Iwowa akhala zaka zambiri akuyendetsa malole pa mseu wa ku Nakonde, ndipo anapatuka kuti aone azakhali. Anatipeza tili pa kompyuta, naimirira kumbuyo kwathu manja ali kumbuyo. Anaonerera osanena kanthu kufikira ndinagunda cipilala ca mlatho. Pamenepo anawerama nayandikiza nkhope ku sikirini.

"Igunditsenso, mphwanga," anatero.

Ndinaigunditsanso.

"Citsulo capindika monga cipindikira zoona," iwo anati. "Amene anapanga izi anaonapo ngozi. Nanga dalaivala ali kuti?"

Ndinayang'ana. M'masiku onsewo ndinali ndisanaonepo cinthu cimeneci. Pampando palibe munthu. Ciongolero cili cokha. M'magalimoto onse a mu Paradise City, mu taxi, m'mabasi, mulibe ndi mmodzi yemwe. M'mbali mwa miseu mulibe woyenda pansi, mulibe mayi wogulitsa tomato, mulibe mwana wa sukulu wofuna kudumpha mseu. Muli nyumba zazitali, masitolo, malo oimikapo magalimoto, bwalo lalikulu la masewera, koma mzinda wonsewo ulibe mwini. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

"Motoka ikapindika cotere," amalume anapitiriza, "injini imakhala ili pamiyendo pa munthu. Timacita kudula zitsulo kuti timutulutse. Ndipo apa pali phokoso lokha-lokha. Pa ngozi yeni-yeni phokoso likatha pamakhala zii kanthawi, ndiye kenaka umamva anthu a m'mudzi ali kuthamanga." Sanakweze mau, ndipo sanatiuze kuti tizime. Anangokoka mpando nati, "Tandipatsa, ndiyeseko."

Zimene zinatsatira sindidzaiwala. Zala zao zazikulu zinali kupondereza mabatani awiri-awiri. Atazolowera pang'ono, anayendetsa galimoto ija mofatsa monga anyamula mazira, ndipo atafika pa maloboti ofiira anaima, nadikira. Ife tinali kufa nako kuseka. Koma Paradise City inamangidwa mofanana ndi mizinda ya ku America, kumene magalimoto amayenda kudzanja lamanja, pamene amalume manja ao adziwa kumanzere monga tiyendera kuno kwathu. Tsono nthawi zonse anali kubwerera kumanzere, moyang'anizana ndi magalimoto obwera, ndipo atangoonjezako liwiro kamzere kaja kanayamba kudzaza. Titawafotokozera kuti kompyuta ili kuwayamikira cifukwa coyenda mbali yolakwika, anapukusa mutu nabweza mpando, napita kukamwa tiyi.

Mwina wina wa inu afunsa kuti, kodi tsono masewerawa ndi oipa? Ine sinditero. Sindikhulupirira kuti munthu wanzeru zake angagunditse galimoto ya atate ake cifukwa anaona zimenezi pa kompyuta, monganso wosewera nsolo sapita kukalanda ng'ombe za mnzake. Opanga masewerawa sananame kuti ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Galimoto imene imadzikonza yokha podutsa pa galaji ndi nthano, ndipo aliyense aona kuti ndi nthano. Ndiganizanso kuti anacotsa anthu dala, cifukwa kukanakhala munthu pampando paja palibe akanaseka.

Komabe funso la amalume silinandicoke. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2023 linanena kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa caka ciliconse pa ngozi za pamseu, ndi kuti kwa ana ndi acinyamata a zaka 5 kufika 29 palibe cina cimene cimapha ambiri kuposa ngozi zimenezi. Zaka zimenezo ndi zathu, anzanga. Ndipo m'magulu athu muli ambiri amene caka cino kapena ca mawa adzakhala pa mzere ku RTSA kufuna laisensi, ena kuti ayendetse minibasi, ena taxi, ena njinga yamoto. Kwa ambiri a ife ciongolero coyamba cidzakhala ca m'kompyuta. Cimene ndaona pa ine ndekha ndi cakuti pakatha masiku ocepa, mtima umaleka kudumpha galimoto ikakudutsa pafupi. Umayamba kukondwera. Pa Sondo ndinakhala kutsogolo mu minibasi, ndipo dalaivala atapitirira lole pamene kutsogolo kunali kubwera galimoto ina, mayi amene anali pambali panga anagwira pamtima naitana dzina la Yesu. Ine m'mutu mwanga munabwera kamzere kaja kali kudzaza. M'minibasimo tinalimo anthu odzaza, aliyense pampando pake.

Za dzina lakuti Paradise ndingonena pang'ono, popeza ndidziwa kuti ena a inu mwayamba kale kumwetulira. Paradaiso amene tiphunzira ku chalichi ndi wodzaza ndi anthu a mitundu yonse. Uyu ali ndi misewu yosalala yopanda maenje, mafuta aulere ndi magalaji osalipira, koma mulibe woti mumupatse moni. Muli zikwangwani za malonda zokha. Ndipo pa zikwangwanizo pali kankhani kodabwitsa: mu Okutobala 2008, pa nthawi ya kampeni ya masankho ku America, gulu la Barack Obama linagula malo pa zikwangwani za mu Paradise City, kotero kuti osewera pa Xbox 360 m'zigawo zina za dzikolo anali kuona nkhope yake ali paliwiro. Mzinda wopanda nzika ndi mmodzi yemwe unalowa m'ndale!

Cinthu cimene sindinali kuyembekezera ndi cakuti mumzinda waphokoso cotere muli malo abata. Mukasiya nyumba zazitali za Downtown Paradise ndi doko la Harbor Town n'kulowera kumadzulo, mumafika ku nyanja ya Silver Lake ndi ku mapiri a White Mountain. Kumeneko magalimoto ndi ocepa, mseu umakhota-khota m'mphepete mwa phompho, ndipo dzuwa likamalowa mzinda wonse umaoneka pansi. Pakati pa nyimbo zaphokoso za magitala anaikamonso nyimbo zakale za anthu onga Mozart ndi Beethoven. Mukaisiya galimoto osaikhudza kwa kanthawi, injini imazima, mitundu imacoka, ndipo kamera imayamba kuyenda yokha kuonetsa mzindawo mu zakuda ndi zoyera, nyimbo zofatsazo zili kulira. Azakhali, amene adana nayo nyimbo yoyamba ija, anaima pakhomo tsiku lina naonerera zimenezi kufikira madzi anawira pa mbaula.

Magalimoto atsopano sagulidwa ndi ndalama. Ena amabwera laisensi yanu ikakwera, kucoka pa ya wophunzira kupita pa D, C, B, A, kufikira pa ya Burnout. Koma ambiri mumacita kuwasaka. Mukapambana mipikisano ingapo mumauzidwa kuti galimoto yakuti ili kuyenda-yenda mumzinda. Simuuzidwa kumene ili. Mumangoyenda zanu, mwadzidzidzi cinthu cakudutsani ngati mphepo, ndipo muyenera kucithamangitsa ndi kucigwetsa kuti cikhale canu. Ina ndinaithamangitsa kucokera kudoko mpaka kumapiri, ndipo nditatsala pang'ono kuigwira malaiti anapita. Atabwera usiku ndinayambanso kuifuna.

Apa ndikucenjezeni inu amene muli m'makalasi a mayeso. Masewera a mpanda aja amatha: mwazungulira katatu, mwapambana kapena mwaluza, mwaimirira. Awa alibe pothera. Mpikisano ukatha muli kale pamseu wina, ndipo patsogolo pali maloboti ena, pambali pali geti lacikasu limene simunaligwetse, ndipo pamwamba pali cikwangwani cofiira cimene cikuitanani. Laisensi ikakwera, mipikisano yambiri imene munapambana imatsegukanso kuti muipambane kaciwiri. Ine ndi msuweni wanga tinapangana kuti wochi ya pa foni ikalira tizima, ngakhale tili pakati pa mlatho. Pangano limeneli lili ndi masiku 4, ndipo mpaka pano likali moyo. Kusewera ndi anthu ena pa intaneti sitinayese, cifukwa ca mtengo wa mabando. Amene muli ndi The Ultimate Box ya 2009 dziwani kuti mbali imeneyo inatsekedwa mu Ogasiti 2019, koma zonse za wosewera yekha zimagwira nchito.

Zikwangwani zofiira zija zilipo 120, ndipo zambiri zifunika kuti muziboole ndi galimoto muli m'malere. Cimene cimabvuta si kulumpha, koma kupeza poyambira. Mumaciona cikwangwani cili pamwamba, ndipo muyenera kuganiza cobwerera m'mbuyo: kuti ndifike apo ndiyenera kucokera pa denga ilo, kuti ndifike pa denga ilo ndiyenera kulowa m'nyumba yoimikamo magalimoto iyo, nanga khomo lake lili mseu uti? Ndaboola 23. Cilipo cimodzi pakati pa nyumba zazitali cimene ndacizungulira madzulo atatu. Msuweni wanga akuti njira yake ili pa njanji ya pamwamba, ine ndikuti ili pa denga la nyumba yoyandikana nayo, ndipo takana tonse awiri kukafunsa pa intaneti. Ngati pali wina wa inu amene anakhalamo kale mu Paradise City, asatiuze msanga.